Tapani, Malume!

Malume anga, achimwene awo a mayi, sanasiyepo chenje kwa kondakitala chibadwire. Ku Lilongwe makondakitala ankati akangowaona akukwera, ankayambiratu kupisa m'matumba kufuna makobili minibasi isanadzuke n'komwe. Tsiku lina anaithamangitsa minibasi wapansi kuchokera pa depoti mpaka ku Kawale chifukwa cha fifite kwacha. Ena amati inali Biwi, pafupi pomwepo, koma ine ndimati Kawale, ndipo amene akukamba nkhaniyi ndine.

Munthu ameneyo ndi amene anatsika ndege ku Doha ndi chikwama chimodzi, atapeza kontrakiti ya ulonda. Mwana wawo wamkazi anali atangoyamba sukulu ya unamwino, ndipo fizi yake ndi imene inawakweza ndege mutu uli mbuu ndi imvi. Ine n'kuti nditatha zaka ziwiri kuno, ndikuchapa ndi kusita nsalu za pabedi ku hotela ina. Ndinawapezera bedi m'chipinda chathu ku Najma, momwe timagona anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ukafuna kutembenuka umayamba wapempha chilolezo kwa mnzako. Ntchito anawaika pa geti ya nyumba zina ku Al Thumama, kuseri kwa stediyamu, shifiti yoyamba thu koloko masana. Galimoto ya kampani sinkafika ku Najma, ndiye ulendo unali wa basi.

Tsiku loyamba ndinawaperekeza. Basi itaima ine ndinatulutsa khadi langa, kuligunditsa pa kamakina ka pakhomo, kanalira kuti pii, ndinadutsa. Malume anamasula mpango, kutulutsa ndalama, n'kuyamba kumwazamwaza maso.

"Ali kuti mnyamata wotolera ndalama?"

"Kuno kulibe, malume. Mupatseni draivayo."

Draiva sanatembenuke n'komwe. "No card? Ten riyal."

"Teni?" Malume anandiyang'ana ine ngati ndine ndatchula. "Muuze kuti ndili ndi faifi. Muuzenso kuti ndikhala kasitomala wa tsiku lililonse, aganize bwino."

"Kuno sanenerera, malume."

"Palibe dziko limene sanenerera."

Kumbuyo kwathu kunali mzere wa anthu, dzuwa likuwawotcha m'makosi, wina anakuwa kuti yalla, yalla, ndiko kuti fulumirani. Malume anapereka teni ija ngati akupereka dzino. Draiva anawapatsa katikiti kapepala ka ulendo wopita ndi wobwera, kamene kamafa tsiku likatha.

Titakhala pansi anandifunsa, "Iwe walipira zingati?"

"Kupita ndi kubwera, theka la zanuzo."

Anaugwira mpando wanga, kuusisita, n'kugwiranso wawo. "Mpando wanga uli ndi chiyani chimene wako ulibe? Kapena ine ku Thumamako ndikafika kawiri?"

Ndinaseka, koma funso limenelo mpaka lero palibe wandiyankha. Basi imodzi, msewu umodzi, mphepo yozizira yomweyo ikuomba tonse pamutu, koma wina alipire kawiri chifukwa ndalama yake ndi yogwirika ndi manja. Kwathu wa ndalama m'manja ndiye mfumu, amamutsegulira ndi khomo lakutsogolo. Kuno ndalama yeniyeni, imene waikhetsera thukuta, ikangofika pakhomo pa basi imaonda. Nanga amene alibe khadi ndani? Si bwana wa m'nyumba zazitali zija, iye ali ndi galimoto zitatu, ina yongotengera mphaka. Wopanda khadi ndi amene wafika dzulo, amene salare sanaione, amene khadi lake lamuthera pa siteji pomwe palibe pothirira ndalama. Ndipo khadilo si laulere, n'logula. Ndiye kuti uyambe kulipira zochepa uyenera kukhala nazo zambiri kaye. Abale inu, nzeru zimenezi anazitola kuti?

Mwezi wonse woyamba malume anadyetsa basi teni tsiku ndi tsiku, akung'ung'udza ngati jenereta. Salare yoyamba itangolowa ndinapita nawo ku siteshoni yaikulu, tinagula khadi, tinathiramo ndalama yoti iwafikitse kutali ndithu. Apa ndi pamene pakamwa panga panalakwira.

Kuno kugunditsa khadi pa makina kuja tonse timati kutapa, kuchokera ku Chingerezi. Liwu limenelo linatilowa kalekale moti sitilimvanso.

"Pokwera mutape, potsika mutapenso," ndinawauza.

"Kutapa?"

Ndinaona nkhope yawo, ndipo satana wa nthabwala amene amakhala pa lilime langa anadzuka.

"Eya, malume, kutapa kwenikweni. Mukudziwa mmene mayi amatapira shuga m'chigubu? Kamakinako kali ndi supuni m'kati. Kakati pii, dziwani kuti katapa. Panali mnyamata wina wa ku Nepal, anaika khadi m'thumba lakumbuyo n'kutsamira kamakinako basi ili yodzaza. Pii, pii, pii, kuchokera ku Najma mpaka ku Madinat Khalifa. Potsika anapeza kuti katapa salare yonse, katapa ya mwezi wamawa, katapanso munda wa bambo ake kumudzi."

Malume sanaseke. Anangoti, "Ohoo," n'kulikulunga khadi lija mu mpango. Ine ndinaganiza kuti nthabwalayo yangowadutsa, poti achikulire ena nthabwala zimawafika patatha sabata.

Kuyambira pamenepo sitinkaonana kwenikweni. Ine ndinkachoka m'mamawa iwo ali mtulo, iwo ankabwera ine ndili mtulo. Ndikawafunsa pa foni kuti khadi likuyenda bwanji, ankangoti, "Likuyenda." Patapita masabata atatu, mnzathu wa m'chipinda, mnyamata wa ku Lusaka amene amayendetsa galimoto ya banja lina, anandikoka pa khonde.

"Mwana, ba uncle bako nabaona lelo pa main road. Benze kuyenda na mendo. Na zuba ija!"

"Wapansi? Kupita kuti?"

"Ku nchito. Uniform yonse nowa monga bagwela mu mtsinje."

Unali mwezi wa Julaye. Amene sanafikepo kuno sangamvetse. Dzuwa la Julaye ku Doha silituluka, limagwa. Ine ndinaonapo njiwa ikutera pa msewu n'kunyamuka itapsa kale, yongofunika mchere. Ndiye munthu wa imvi ayende kuchokera ku Najma mpaka ku Al Thumama masanasana, atavala jombo.

Mzambiya uja anakweza matiresi a malume, n'kundionetsa makalata awiri a ku kampani. Onse anali a warning, chifukwa chochedwa pa geti. M'munsi mwa yachiwiri munalembedwa momveka bwino kuti kachitatu ndi tikiti yobwerera kwawo. Ndinaganiza za msuweni wanga ndi yunifolomu yake yoyera ija imene anatitumizira chithunzi.

"Zonsezi ndi mabasiwa," ndinatero. "Akuba!"

"Manje iwe," anatero Mzambiya, "system ili che bwino. Card ni fast. Driver azigwila steering olo azipenda ma coins?"

"Ndiye chilango chake chikhale kawiri? Kupereka teni kumatenga nthawi yanji? Kapena draivayo amayamba waiwerenga ndalamayo ngati nyuzipepala?"

"Bafuna bonse bagule card."

"Ukafuna mwana adye ndiwo zamasamba sumulipiritsa nyama kawiri."

"Iyo example siigwila, mudala."

"Igwira ikafika."

Iye amayenda pa galimoto ya abwana yokhala ndi firiji m'kati, ndiye chilungamo cha basi amachionera pa windo.

Mawa lake linali tsiku langa lopuma. Ndinawadikirira malume adzuke, asambe, avale, kenako ndinati ndiwaperekeza. Anandiyang'ana, anayang'ana matiresi awo, anadziwa.

"Mphwanga," anatero, "khadi lako lija ndi mbava. Ndinathiramo ndalama kawiri, lonse linauma ngati chitsime cha mu Okutobala. Tsiku lina ndafika pa basi, kamakina kayaka psuu, draiva akuti teni, ine ndili ndi sikisi. Ndinatsika. Ndalama m'manja akuba, khadi akuba. Miyendo yokha ndiyo sinandibepo."

"Miyendo yakuberani ma warning awiri, malume."

"Usandiphunzitse. Ndinakusintha matewera iwe."

Tinafika pa siteji kota pasiti wani. Anali akuumirirabe kuti tingoyenda, akudziwa njira yachidule yodutsa kuseri kwa magalaja. Ndinawauza kuti njira yachiduleyo ikathera pa bwalo la ndege. Basi inabwera. Anayesa khadi lawo, psuu. Khadi limodzi silikweza anthu awiri, ndiye ndinawapatsa langa, anatapa, pii, analowa. Ine ndinatsala pakhomo ndi teni imodzi m'thumba, imene ndinasungira kumeta, poti mutu wanga unali utafika poti supavayiza wa ku hotela ankaupatsa moni paokha.

"No card? Ten riyal."

Zaka ziwiri ndinali ndisanamvepo mawu amenewo akulankhulidwa kwa ine. Ndinkawamva akugwera ena ine ndikudutsa ndi pii wanga. Tsiku limenelo anandilasa pamtima penipeni.

"Sadik," ndinatero, ndiko kuti bwenzi, "same bus, same seat, same sun. Why double?"

"Card cheap. Cash ten."

"Why? My money is sick? Ili ndi chifuwa ndalama yangayi?"

Pamenepo Chingerezi chinandithera, ndinapitiriza m'Chichewa, ndikuloza anthu onse m'basimo ngati ndili pa msonkhano wa chipani. Ndinawauza kuti dziko limene limalipiritsa mlendo kawiri silidziwa kuti mlendo ndi amene anamanga msewu umene basi ikuyendamo. Ndinawauza kuti ngakhale kondakitala woipitsitsa wa ku Mchesi, amene amakutukwana mpaka agogo ako, mtengo amatchula umodzi kwa onse. Ndikamakamba nkhaniyi kwa anzanga ndimati basi yonse inaimirira kuwomba m'manja, mayi wina wa ku Philippines analira. Zoona zake n'zakuti onse anali pa mafoni, kupatula bambo mmodzi amene ankandijambula.

Draiva anapumira m'mwamba. Anali munthu wotopa, wa msinkhu wa malume omwe. "My friend, I don't make price. I drive. You pay or you go down. Khalas," ndiko kuti nkhani yatha.

Ndipo ankanena zoona, n'chimene chinandipweteka kwambiri. Amene anapanga mtengowo sakwera basi, sungamupeze kuti umufunse. Amakuikira pakhomo munthu wosauka mnzako kuti ukangane naye.

"Iwe!" anakuwa malume kuchokera pampando. "Lipira ukhale pansi. Nthawi ikupita, ukufuna undichotsetse ntchito ndi pakamwa pakopo?"

Ndinalipira. Ndinakhala pambali pawo nditagwira katikiti kapepala kaja, ndikukayang'ana ngati kalata ya maliro.

Pamsewu panali mzere wa magalimoto pa maloboti ena, basi inkayenda ngati ikuperekeza mkwatibwi. Malume ankayang'ana wotchi mphindi iliyonse. Stediyamu ija yooneka ngati chisoti itaonekera, n'kuti kutatsala mphindi khumi ndi zitatu, ndipo kuchokera pa siteji kukafika pa geti pawo ndi mphindi khumi kwa munthu woyenda mwakhama.

Khomo linatseguka. Ndipo ndinaona ndi maso angawa. Malume analowetsa khadi langa m'thumba la malaya, kuliphimba ndi dzanja, n'kudutsa kamakina kaja chammbali, atakapatsa msana, ngati munthu wodutsa galu wogona. Atafika pansi ananditembenukira akumwetulira.

"Kandiphonya."

"Malume, tapani!"

"Nditape chiyani? Katapa kale pokwera paja."

"Potsika mutapenso!"

"Kuti katape kawiri? Iwe unanena wekha kuti kali ndi supuni. Ine masabata atatu onsewa sindinakapatsepo mpata wachiwiri, olo tsiku limodzi."

Ndinaima pakati pa khomo, mwendo wina m'basi wina panja, kuti lisatsekeke.

"Malume, mverani. Pokwera kamagwira ndalama ya ulendo wonse mpaka kumene basi ikathere. Potsika ndi pamene kamaona kuti mwatsikira panjira, n'kukubwezerani yotsala. Mukapanda kutapa kamayesa mwapita mpaka kumapeto."

"Yalla, my friend!" anakuwa draiva. Khomo linandipana phewa n'kubwerera.

"Bodza lina limenelo," anatero malume. "Iwe ukanena kuti kunja kwacha ndimayamba ndasuzumira."

"Ili si bodza! Ndi chenje, malume. Chenje chanu chili m'kamakinamu!"

Liwu limenelo linawagwira ngati waya wa magetsi. Kumwetulira konse kunachoka. Anakwera masitepe aja ngati mnyamata, kundikankhira pambali, kutulutsa khadi, kuligunditsa. Pii. Anawerama, mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi, kuona nambala ya ndalama zotsala itakwera m'malo motsika.

"Chabwera," anatero motsitsa mawu. Kenako anawongoka, n'kuyang'ana kamakina kaja. "Nanga cha masabata atatu?"

"Chinapita, malume. Tiyeni!"

"Muuze draivayu atsegule kamakinaka."

"Malume, mphindi khumi!"

Ndinawakoka mkono. Tinathamanga. Sindidzaiwala: mdala wa imvi, jombo zikulira pa simenti yotentha, akuthamanga uku akunditukwana osapuma. Mpweya wa zonse ziwirizo ankautenga kuti, sindidziwa.

"Ine! Ine kusiyira makina chenje! Tsiku ndi tsiku! Ukanangoti chenje, mwana woipa iwe! Kutapa, kutapa, Chichewa chake chiti chimenecho?"

"N'Chingerezi, malume!"

"Ndiye supuni inalowamo bwanji?"

Ine ndinangowonjezera liwiro. Tinakhota pa mzikiti waung'ono, kudutsa mpanda wautali woyera, ndipo patsogolo ndinaona geti, ndi galimoto ya supavayiza wawo itaima pamthunzi, iye ali m'kati, dzanja lili pa windo. Malume anasiya kuthamanga patatsala mayadi ochepa, anakonza kolala, kupukuta nkhope ndi mpango, n'kufika akuyenda ngati munthu amene wakhala akuzungulira pomwepo kuyambira m'mawa. Supavayiza anayang'ana wotchi, anayang'ana malume, anayang'ananso wotchi. Kunali kutatsala mphindi imodzi. Anagwedeza mutu, n'kukweza galasi.

Ine ndinakhala pansi pa mpanda, mapapo ali kukhosi. Malume analowa m'kanyumba ka alonda, anasaina m'buku, kenako anatuluka ndi botolo la madzi n'kundiponyera.

"Bwererani bwino, a supuni."

"Khadi langa, malume."

"Lako liti? Langa unaliumitsa ndiwe. Uli ndi kapepala, kakufikitsa."

Sabata yomweyo anaimbira mayi kumudzi n'kuwafotokozera zonse, ndipo mayi anandiimbira ine kwa ola lathunthu pa mayunitsi awo, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pamene ndinadwala. Warning yachitatu sinabwere. Msuweni wanga ali chaka chachiwiri tsopano, amatumiza zithunzi atanyamula jakisoni, ndipo malume amati woyamba kubayidwa ndidzakhala ine, palilime.

Panopa amatapa potsika ngati akusaina pangano. Amaima, amawerenga nambala, mzere wonse kumbuyo ukuti yalla, iwo osasuntha mpaka atakhutira. Akabwera Mmalawi watsopano m'chipinda mwathu, ine sindiloledwa kuyankhula. Amamukhazika pansi okha n'kumuuza kuti, "Pokwera ulipire, potsika utenge chenje chako. Liwu lina lililonse limene angakuuze uyu, usamve."

Koma watsopanoyo mwezi wake woyamba khadi amakhala alibe. Mwezi wathawu ine ndi malume tinakwera ndi mnyamata wina wa ku Dedza, wangofika masiku anayi, nsapato zikadali ndi fumbi lofiira la kwathu. Anapereka teni yake. Potsika anaona malume akutapa, nayenso anagunditsa kapepala kake pa kamakina, n'kuima, dzanja lili chotambasula, akudikira.

"Malume," anatero, "changa sichikubwera."

Malume anandiyang'ana ine, poti ndine wa mayankho. Ndinatsegula pakamwa, nthabwala ili kale pa lilime, ndinaimeza. Ndinangomugwira phewa kuti atsike, khomo lisamupane.